Liwu la Nester

Mikaele ndi msuweni wanga, ndiye ndili ndi ufulu womunena mmene ndingafunire. Mayi ake ndi bambo anga anayamwa bere limodzi, ndipo kwathu kuno msuweni umamutukwana iye nkumaseka. Anthu amene anamudziwa posachedwa, atamva chimbale chake choyamba pa wailesi, amati ndi munthu wozama, wosalankhulalankhula chifukwa cha nzeru. Ine amene ndinamuona akuyenda ndi kabudula wobooka kumbuyo ndikuti ayi. Kusalankhula kwa Mikaele ndi matenda, ndipo matenda amenewo anatipweteka tonse. Dzina langa ndine Bibiana, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Milepa.

Anabadwa m'chaka cha 1991, mwana wachinayi kwa mayi ake, m'mudzi mwathu mwa Alomwe. Chilomwe chenicheni chinapita ndi agogo athu, ife tinangotolako mawu otukwanira ndi a m'nyimbo za gule wa tchopa. Kusukulu sanali mbuli, koma sanalinso woti mphunzitsi nkumukumbuka. Chimene ankadziwika nacho ndi banjo. Anaipanga yekha ndi chigubu cha mafuta, thabwa la mpando wothyoka ndi mawaya a mabuleki, ndipo mawayawo anawasolola pa njinga ya bambo anga osapempha. Bambo anazindikira ali kale pamtsetse, atavala jekete yawo ya kumaliro, ndipo anakathera m'munda wa chinangwa wa eni. Mikaele anakwapulidwa tsiku limenelo mpaka kukhala chammbali, koma mawaya sanabweze.

Sukulu anailekera Fomu 2, nayamba kupalasa kabaza pa Milepa. Ankanyamula odwala opita kuchipatala, amayi a madengu a tomato, aphunzitsi ochedwa. Nyimbo zake zambiri anazipekera pa njinga pomwepo. Iye amati nyimbo imabwera pachitunda, mpweya ukamatha, chifukwa pamenepo munthu sunama. Ine ndinkamuuza kuti imeneyo si nyimbo koma njala. Pambuyo pake katekisiti wina wokalamba anamupatsa gitala yong'aluka kumsana, iye nkuimata ndi guluu wa akalipentala, ndipo anayamba kuitanidwa m'zinkhoswe, m'maukwati ndi pa zochitika za kutchalitchi. Malipiro ake nthawi zambiri anali mbale ya mpunga ndi kuthokoza kwa mwini mwambo.

Ndinene zoona, liwu la Mikaele si lokongola. Ndi lokhakhala, ngati la munthu amene wadya chimanga chokazinga popanda madzi. Mawu a m'nyimbo zake ndiwo anali abwino: za mayi amene akudikira mwana wake wa ku Joni, za nandolo wotsika mtengo, za mvula yogwa m'munda wa mnansi nkulumpha wako. Anthu ankamvetsera nkumagwedeza mitu, koma pobwerera kwawo palibe ankaziimba. Panali china chake chosowa, ndipo iye mwini ankadziwa.

Chosowacho anachipeza m'chaka cha 2014, pa chikondwerero cha makwaya ku mishoni. Anali Nester, mtsikana wa kwa Kadewere, wamfupi, wa mpata kumano, woseka mokweza moti asisitere ankamutembenukira. Mwambo utatha anakwera kabaza wa Mikaele. Ali m'njira Mikaele anayamba kung'ung'udza nyimbo yake mwa chizolowezi, ndipo anangomva munthu ali pa keriyala akuvomera. Koma sankavomera mmene avomerera a kwaya, kubwereza zimene wanena wotsogolera. Nester ankayankha zake, mwinanso kumutsutsa kumene. Mikaele akaimba kuti ine mphawi ndilibe kanthu, iye chapansipansi ankabwera ndi funso lakuti nanga miyendo iwiriyi ndi ya yani. Anafika kwawo kwa Nester dzuwa litapendeka, atazungulira njira yaitali mwadala, ndipo ndalama ya kabaza sinatchulidwe.

Anakwatirana chaka chotsatira. Bambo anga, a Silvesta, monga amalume ake, ndiwo anali ankhoswe. Mwa mwambo wathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, choncho Mikaele anamanga zovala zake pa keriyala nkupita ku chikamwini. Anaumba njerwa, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi ya apongozi ake, nkuifolera ndi malata khumi ndi awiri. Nyumbayo ankainyadira ngati wamanga tchalitchi.

Apongozi akewo anali a Lydia, mayi wamasiye, wamtali, wosaseka wamba koma wopanda nkhanza. Ana a masiku ano ambiri anasiya kuopa apongozi, amadya nawo mbale imodzi nkumajambulana zithunzi. Mikaele ayi, iye anautenga mwambowo wonse ndi mizu yomwe. Akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire nkunjuta. Sanawayang'anepo kumaso. Akafuna kuwauza kanthu, ngakhale koti mbuzi yawo yamasuka, ankauza Nester kuti akanene. A Lydia nawo ankamulemekeza chimodzimodzi, ndipo pachitsime ankanyadira kuti mwana wawo anapeza mwamuna woleredwa. Zaka zitatu anakhala bwalo limodzi, koma mawu amene analankhulana okha awiri sangadzaze chikho.

Nthawi imeneyo ndiyo nyimbo za Mikaele zinayamba kuyenda. Akaimirira awiriwo pa chinkhoswe, iye ndi gitala yake yomata, Nester manja ali m'chiuno, anthu ankasiya mbale. Ndinaonapo amayi akuseka misozi ili m'masaya. Ana ankaimba mayankho a Nester popita kusukulu. Onse ankati apite akajambule ku Limbe, ndipo iwo ankati apita akakolola nandolo. Chaka choyamba nandolo anatsika mtengo. Chaka chachiwiri mphepo inasasula denga. Chaka chachitatu anati tsopano ndiye ndithu.

Podikira zimenezo ankadzijambula okha. Mikaele anamugulira Nester kafoni ka mabatani, kokhala ndi kakhadi kosungira mawu mkati. Lamulungu masana, akabwera kutchalitchi, ankapita kukakhala m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba, nkuika kafoniko pa mpando, nkuimba. Anajambula nyimbo zisanu ndi ziwiri, zina kangapokangapo. Pakati pa nyimbo kafoniko sankakazimitsa, ndiye munalowanso zina: Nester akuseka miyendo yopyapyala ya mwamuna wake, akumuitana dzina la m'nyumba limene ine ngakhale lero sindilidziwa, ndi nkhani zina zimene mwamuna ndi mkazi amalankhula akadziwa kuti ali okha. Dziko lonse lapansi, liwu la Nester linasungidwa pamalo amodzi okhawo. Izi ine sindinkazidziwa nthawi imeneyo, ndipo ndikupempha kuti muzikumbukire pondiweruza.

Mwezi wa Malichi, chaka cha 2018, Nester anadandaula mutu Lachiwiri. Lachinayi Mikaele anamunyamula pa njinga yake yomwe ija, atamumangirira kumsana ndi chitenje kuti asagwe. Kuchipatala cha pa Milepa anamutumiza ku chachikulu, ndipo Loweruka m'mawa anatisiya. Anali malungo aakulu. Mwana analibe.

Maliro atatha ndi kumeta kutachitika, akuluakulu anakhala pansi kugawa katundu wa malemu. Zitenje zinapita kwa achemwali ake, miphika kwa azakhali, ndipo kafoni kaja anakapereka kwa a Lydia kuti azilandirira mauthenga a ana awo ena a kutali. Mikaele anali pomwepo, mutu uli mbee, ndipo anakaona kakudutsa m'manja mwa anthu. Sanatsegule pakamwa. Pamalo ngati amenewo mkamwini salankhula, makamaka pamene munthu wolandirayo ndi mpongozi wake. Patapita miyezi ingapo anamusudzula, kutanthauza kuti ukwati watha, ndi womasuka kubwerera kwawo. Anachoka ndi njinga, gitala, khasu ndi bulangeti. Nyumba ya malata khumi ndi awiri inatsala, chifukwa nyumba ndi ya pamudzi.

Kwa chaka chathunthu gitala inapachikidwa kudenga kwa mayi ake, mavu mpaka anamangamo. Ankapalasa njinga ali duu. Tsiku lina ndinamuona akudya chinangwa chootcha pa siteji ya kabaza, akuyang'ana njira ya kwa Kadewere, ndipo ndinalephera kumunyoza. Ndinabwerera ku mashini anga nkusokera mkono wa diresi kunsi kumwamba.

Amene anamudzutsa ndi Trevor, bambo wina wa situdiyo yaing'ono ku Limbe, amene anabwera ku ukwati wa m'bale wake kwathu kuno. Eni ukwati anamukakamiza Mikaele kuti aimbeko imodzi yokha. Trevor atamva anamukokera pambali nkumuuza kuti nyimbo zoterezi siziyenera kufera m'mudzi. Mikaele anayankha kuti nyimbozo ndi za anthu awiri, ndipo winayo kulibe. Pocheza anatchula za kakhadi kaja. Trevor anamuuza chinthu chimene chinamusowetsa mtendere zaka zonse zotsatira: kuti akabweretsa kakhadiko, makina angathe kutsuka phokoso la mphepo ndi nkhuku, nkutenga liwu la Nester nkuliika m'chimbale, pambali pa lake, ngati anali limodzi mu situdiyo. Kuchokera tsiku limenelo mtima wonse wa Mikaele unali pa kanthu kochepa ngati chikhadabo, kamene kanali m'foni ya apongozi ake.

Munthu wina akanangopita nkukagwada pakhomo nkunena. Koma Mikaele anachita monga analeredwera, anapita kwa ankhoswe. Anawauza bambo anga kuti m'foni muja muli nyimbo zimene ankaimba ndi malemu, ndipo akungopempha kubwereka kakhadi kwa tsiku limodzi. Bambo anga ndi munthu wabwino, koma amakonda ulemu wawo kuposa chakudya. M'njira monse ankadzifunsa kuti munthu wamkulu ngati iwo, atavala jekete, angakakhale bwanji pamaso pa akuluakulu anzawo nkunena kuti abwerera tinyimbo. Ndiye anaganiza zoikonza nkhaniyo kuti imveke yolemera. Atafika anauza a Stefano, amalume ake a Nester, kuti foni ija inagulidwa ndi thukuta la mwana wawo, ndipo nkoyenera kuti ibwerere kwa mwini wake.

A Stefano anapsa mtima. Anafunsa ngati mawa tidzabwerenso ndi makwerero kudzazula malata. Anati iwo anamusunga Mikaele ngati mwana wawo, osadziwa kuti akusunga munthu wosirira za malemu, ndipo foniyo ichoka m'manja mwa mlongo wawo iwo atafa. Bambo anabwerako atanyowa ngati nkhuku ya pamvula. Kwa Mikaele anangonena kuti akana. Kwa ife sananene chilichonse cha nyimbo.

Mbiri inafika pa Milepa bambo asanavule nkomwe jekete: Mikaele akulanda foni kwa mayi woferedwa. Ine ndinamva manyazi mpaka kumapazi. Ndinamuitana pakhonde panga, pamaso pa makasitomala, nkumusambitsa chokweza. Ndinamuuza kuti ngati njala yamupweteka anene ndimugulire kafoni kena, asatichititse manyazi mtundu wonse.

"Wamva choncho, Bibiana?" anatero, nkukwera njinga yake.

Akanangondiuza tsiku limenelo! Ine ndi a Lydia tinkalankhulana bwinobwino, sindine mkamwini wawo. Koma Mikaele ankaopa kuti nkhani ikamveka, a Stefano adzafuna umboni, adzatsegula kafoniko pabwalo anthu onse ali pomwepo, ndipo mayi adzamva mwana wawo akulankhula za m'nyumba ndi mwamuna wake. Kwa iye zimenezo zinali ngati kumuvula Nester pagulu. Anasankha kutchedwa wadyera. Anadziuza kuti mkwiyo udzazizira, ndipo kakhadiko sikathawa.

Anadikira zaka ziwiri. Tsiku la msika a Lydia ankabwera pa Milepa ndi dengu la nandolo kapena masamba, kafoni kali m'kathumba kansalu kolendewera pakhosi. Mikaele akawaona ankatsika pa njinga, nkupatuka, nkunjuta patali monga kale, iwo nkudutsa atayang'ana kumbali. Kathumbako kankadutsa pamaso pake, mtunda woti munthu nkutambasula dzanja. Ine ndinkaona zimenezi kuchokera pa mashini anga nkumati taonani wadyera uja akuyang'anabe foni. Mulungu andikhululukire.

Trevor anatopa ndi kudikira. Anati nyimbo zijambulidwe basi, ndipo anapeza mayi wina wa ku Bangwe, Dorothy, amene amathandizira oimba ambiri. Mikaele anavomera Trevor atamulonjeza kuti zonse zisungidwa mu kompyuta, ndipo tsiku limene kakhadi kadzapezeke adzachotsa liwu la Dorothy nkuikamo la mwini wake. Anagulitsa mbuzi, anagulitsa nandolo yense wa chaka chimenecho. Ulendo wa ku Limbe nthawi zina ankapita pa njinga, gitala ili kumsana, nkufika mawu atauma ndi fumbi. Trevor ankamupatsa madzi otentha ndi mandimu nkumuuza kuti aleke kugwedeza mwendo ngati akupalasa, chifukwa makina akumva.

Dorothy ndi katswiri, liwu lake ndi losalala, lokwera bwino. Mikaele ankamuphunzitsa mayankho a Nester mzere ndi mzere, iye nkugwira msanga. Koma akamvetsera, Mikaele ankapukusa mutu nkunena kuti abwereze. Akamufunsa chalakwika, sankatha kufotokoza. Tsiku lina Dorothy anavula zomvera kumakutu nkumuuza mwaulemu kuti achimwene, ine ndingathe kuimba zimene ankaimba mkazi wanu, koma sindingathe kukhala iyeyo. Mikaele anapepesa, ndipo kuyambira pamenepo sanamubwezenso. Koma nyimbo iliyonse anaimvetsera maulendo ambirimbiri mpaka kuloweza kapumidwe ka Dorothy.

Chimbalecho chinatuluka m'chaka cha 2023, cha nyimbo khumi, dzina lake Malata Khumi ndi Awiri. Anachikhazikitsa masana ena mu holo ya sukulu pa Milepa. Malaya amene anavala ndinasoka ndine, ngakhale tinali tisanayanjane kwenikweni, ndipo ndinamuuza kuti khosi lake lalitali likuwononga kolala yanga. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Patapita milungu ingapo nyimbo ya mutu wa chimbale inayamba kumveka pa wailesi ndi m'maminibasi. Ndi nyimbo ya munthu amene amadutsa patali ndi nyumba imene anamanga, nkumaona utsi ukutuluka, osadziwa amene wasonkha moto. Mikaele sanalemere nacho, ankapalasabe kabaza. Kusiyana kwake kunali kwakuti okwera tsopano ankamupempha kuti aziwaimbira.

Mwa ma CD ochepa amene anadinda, imodzi anaikulunga m'pepala loyera nkuwapatsa bambo anga kuti akapereke kwa a Lydia, popanda mawu ena alionse owonjezera. Ulendo uno bambo anamvera. Chiyembekezo cha Mikaele chinali chakuti apongozi akamva nyimbozo adzadziwa mtima wake, ndipo njira yokapempheranso kakhadi idzatseguka.

Lachitatu lina, tsiku la msika, a Lydia anafika pakhonde panga. Anamasula mfundo ya chitenje nkutulutsa CD ija. Anati akhala nayo milungu iwiri akungoiyang'ana, chifukwa m'mudzi monse mulibe choimbira, ndipo anthu akuwauza kuti muli za mwana wawo. Anandifunsa ngati pali njira yoti amvere. Ndinasangalala kwambiri. Ndinati apa ndiye ndiyanjanitsa mabanja, ine Bibiana. Ndinawagwira dzanja nkupita nawo ku kashopu ka bambo wina amene amatchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'makhadi. Bamboyo anati chimbalecho ali nacho kale mu kompyuta, angowaikira m'foni kuti azimvera kulikonse. Anatsegula kafoni, anatulutsa kakhadi, analowetsa m'makina ake, nkunena kuti nkodzadza. Anati muli zinthu zakale zojambula pa rekoda, zopanda maina, ndipo kuti nyimbo zilowe ayenera kufufuta.

A Lydia anatembenukira kwa ine. Iwo sawerenga, ndipo kafoniko ankangodziwa batani lobiriwira loyankhira. Anati mwana wanga, iwe ndiye wodziwa izi. Pa mashini anga panali mayi akudikira yunifolomu ya mwana wake, akundikodola ndi dzanja. Sindinafunse kuti atsegule chimodzi timve, ngakhale kuganizako sindinaganize.

"Fufutani," ndinatero. "Ndi zakale zimenezo."

Sizinatenge nthawi yoti munthu nkumwa kapu ya madzi. A Lydia anabwerera nane pakhonde, anakhala pansi atatsamira chipupa, kafoni kali kukhutu. Anamvera nyimbo zonse khumi osagulitsa nandolo wawo. Misozi inkatsika iwo osaipukuta. Pochoka anandigwira manja onse awiri nkundidalitsa, ndipo ine tsiku limenelo ndinadziona ngati mngelo.

Patatha milungu itatu a Lydia anatumiza uthenga kuti Mikaele abwere, ndipo ine ndimuperekeze kuti ndikakhale pakati pawo. Sindinamuonepo msuweni wanga atasangalala choncho chimwalirire Nester. Anatsuka njinga, anameta ndevu, anagula shuga ndi sopo. Ine ndinakwera pa keriyala, ndipo njira yonse ankaimba. Ndinamuseka kuti akuchita ngati akukafunsira mbeta.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Nyumba yake ija inali pomwepo, mng'ono wake wa Nester ndiye ankakhalamo, ndipo Mikaele anaiyang'ana kamodzi kokha. Anamuikira mpando pansi pa mtengo wa mango. A Lydia anakhala pamphasa chapatali, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo, ine pakati. Anayamba kulankhula kwa ine, kuti ndimuuze, koma kenaka anangolankhula molunjika, koyamba m'moyo wawo. Anati anamuganizira zoipa kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo zawaonetsa kuti analakwa. Anati munthu wadyera salira choncho. Kenaka anavula kathumba kaja pakhosi nkundipatsa kuti ndimupatsire.

"Bambo, foni munkaifuna ija ndi imeneyo. Tengani, ndi yanu. A Stefano ndalankhula nawo ndekha."

Mikaele anagwada nkulandira ndi manja awiri. Anatulutsa kafoni m'kathumbamo. Ndinamuona akutsegula, akutsika, akubwerera, akutsegulanso pena. M'kafonimo munayamba kulira gitala yake yomwe, nyimbo yoyamba ya m'chimbale, iye nkuizimitsa msanga. Anafufuzanso kachiwiri. Kenaka, maso ali pansi, anafunsa motsitsa ngati munali kakhadi kena kale.

A Lydia anayankha mokondwa kuti ayi, ndi komweko ka malemu, sanakasinthe. Anangochotsamo zakale kuti nyimbo zake zilowe, ndipo Bibiana ndiye anawathandiza, Mulungu amudalitse.

Mikaele sanandiyang'ane. Anabweza kafoni kaja m'kathumba, anamanga bwinobwino, nkundipatsa kuti ndibweze.

"Amayi, mwandilemekeza kwambiri. Koma sungani ndinu, muzimvera. Ine zomwe ndinkafuna zakwana."

A Lydia analira, nkunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Anatipatsa nkhuku yamoyo ndi nandolo wouma. Mikaele anathokoza zonse mwadongosolo, anatsanzika, ndipo tinanyamuka.

Pobwerera sanaimbe. Titafika pachitunda cha pafupi ndi dambo anatsika kuti tikankhe njinga, ndipo ndi pamenepo anandiuza zonse: za munda wa nandolo, za nyimbo zisanu ndi ziwiri, za uthenga umene bambo anga anaukonza m'njira, za lonjezo la Trevor. Ankalankhula mosakweza mawu, ngati akunena za munthu wina. Ine ndinakhala pansi m'mbali mwa njira, nkhuku ili m'manja. Ndinamupempha kuti anditukwane, andimenye kumene ngati akufuna. Iye anati wolakwa ndi amene anakhala chete, ndipo anandipempha chinthu chimodzi, kuti a Lydia asadzamve mpaka kufa kwawo. Mawa lake ndinapita ndekha kwa bambo wa kashopu uja, ndipo kenaka ndinamuimbira foni Trevor. Onse anati pamene nyimbo zatsopano zalowa ndipo papita milungu, palibe chobweza.

Mikaele akuimbabe. Akukonza chimbale chachiwiri, ndipo amati chimenechi aimba yekha. Chisuweni chathu chinabwerera, amadzakhala pakhonde panga akasowa okwera, ine nkumamunena za khosi lake. Koma tsiku lina ndinalimba mtima nkumufunsa chimene chinkandidya. Ndinati ngakhale kakhadi kanapita, liwu la mkazi wake ali nalo m'mutu, si choncho? Ndinkafuna andiyankhe kuti inde, kuti nanenso ndipepukidwe.

Anazunguliza pedulo ya njinga ndi dzanja.

"Mawu onse amene ankayankha ndikuwakumbuka, Bibiana, palibe limene ndataya. Koma masiku ano ndikati ndimumve iyeyo akuimba, amene akumabwera ndi Dorothy."